Fungo la munthu posaka gwape: sopo, makala, ozoni, mkodzo wa m'botolo kapena mphepo basi?

Ikamafika October kuno ku Indiana mashopu a zosakira amadzaza ndi mabotolo, masipuleyi, majekete odula, chilichonse chikulonjeza kuti gwape sakumvani fungo. Anzanga angapo akwathu amene ayamba kulowa m'tchire ndi anzawo akuntchito akhala akundifunsa kuti nanga tigule chiti, nde ndati ndingolemba kamodzi zomwe ndaona pazaka zomwe ndasaka mbali ya South Bend kuno. Ndikamati gwape ndikunena uyu amati whitetail, si kagwape kathu kaja ai, wamphongo wokula bwino amapitirira makilo 80, koma dzina lina ndilibe nde tiyeni tizingoti gwape.

Nyama imeneyi imakhala ndi moyo chifukwa cha mphuno. Ikakuonani mutakhala duu osagwedezeka imatha kukaika, kuyang'ana, kenako nkupitiriza kudya. Ikamva kamtengo kathyoka imaima nkutchera khutu, pena nkuiwala. Koma ikamva fungo la munthu sifunsanso kawiri. Ndipo fungolo silichokera malo amodzi, lili m'mpweya womwe tikupuma, m'thukuta lomwe tizilombo tapakhungu tikudya makamaka kukhwapa ndi kumapazi, m'tinyenyeswa takhungu tomwe timayoyoka tsiku lonse osaona, m'tsitsi, ndiye muwonjezerepo zomwe tatola panjira, petulo wa pa filing'i siteshoni, fodya, khofi, pafyumu wa sopo wochapira. Mukamvetsa zimenezi muona nokha kuti palibe botolo limodzi lomwe lingatseke mabowo onsewa.

Ine ndinaphunzira m'mawa wina wa November, sabata yoyamba ya nyengo yosaka ndi mfuti, ija imayamba Loweruka lotsatira pa 11 November. Ndinasamba ndi sopo wopanda fungo, zovala ndinapopera sipuleyi mpaka kunyowa, ndinakwera pansanja ya mumtengo kudakali mdima m'mphepete mwa munda wa chimanga chokolola kale. Kutangoyera anatulukira wamkazi ndi ana ake awiri, akutola zotsalira pansi. Mphepo inali ikundiwomba kukhosi kumbuyo, ndinkaimva bwinobwino koma ndinati sipuleyi ija igwira ntchito. Atafika ngati mamita 70 mayi uja anangoima nji, mutu m'mwamba, mphuno ikunyambitidwa ndi lilime. Anaponda pansi ndi mwendo wakutsogolo kamodzi, kawiri, kenako anatulutsa mpweya m'mphuno mwamphamvu ngati munthu akumina, fyuu, nkhalango yonse kumva. Michira yoyera itatu m'mwamba, basi. Sanandione nkomwe, maso ake anali mbali ina. Nditatsika bambo wachikulire amene anandiphunzitsa kusaka anangondifunsa funso limodzi, "mphepo imapita kuti?" Ndinaloza kumunda. Anangogwedeza mutu nati mawa tikakhale tsidya linalo.

Nde tiyambe ndi njira yotchipa, ukhondo wamba. Sopo wosamba wopanda pafyumu, sopo wochapira wopanda pafyumu, ndi malo osungira zovala. Apa simufunika zolembedwa chithunzi cha gwape pabotolo, sopo aliyense wopanda fungo wa mushopu wamba amachita zomwezo pamtengo wochepa. Ambiri amachapira soda, yemweyu timathira mu therere, ndipo amagwiradi ntchito yochotsa fungo la thukuta m'nsalu. Chomwe muyenera kusamala ndi makina ochapira omwe banja lonse likugwiritsa ntchito, chifukwa mumatsalira fungo la sopo wa maluwa uja, ndi timapepala tonunkhira toponya m'makina oumitsira zovala ndiye toipitsitsa. Ine ndimayamba ndazunguza makinawo ndi madzi ndi soda opanda chovala, kenako nkuchapa, nkuyanika panja pachingwe ngati kwathu. Palinso nkhani yoti sopo wambiri amathiramo mankhwala owalitsa nsalu, ndipo maso a gwape amaona bwino mtundu wa buluu kuposa ife, nde chovala chotere chimatha kumuwalira m'chisisira. Sopo wa alenje sakhala ndi zimenezo, apo pokha ndi pomwe ndingati ali ndi phindu lake.

Ife tili ndi vuto lathu lomwe anzathu achizungu saliganizira kwenikweni. Nyumba zakuno nthawi yozizira mawindo amakhala otseka, mukakazinga anyezi ndi tomato, kapena tsiku lomwe usipa wafika kuchokera kumudzi, fungo limalowa m'chilichonse, makatani, sofa, jekete lomwe lili pakhomo. Zovala zosakira zisalowe m'nyumba. Ndimaziika m'chibokosi cha pulasitiki chotseka bwino ku galaja, kutali ndi chigubu cha petulo, mkatimo ndimaponyamo masamba ouma ndi tinthambi ta paini tochokera kunkhalango komwe ndimasakako. Ndimavalira kuthengo komweko, pambali pa galimoto, ngakhale kukuzizira chotani. Zonsezi pamodzi sizikudyerani ndalama zambiri, ndipo ndingati ndi njira yomwe aliyense ayenera kuchita. Koma musanamizike, ukhondo umachepetsa fungo, suchotsa. Phindu lake ndi loti gwape akamva kafungo kochepa amaganiza kuti munthu ali patali kapena anadutsa kalekale, ndipo agwape akuno okulira pafupi ndi mafamu anazolowera kafungo kotere. Amachenjera koma sathawa. Masekondi asanu amenewo nthawi zina ndi omwe mlenje amafuna.

Majombo a labala ndiwaike pomwepa chifukwa ndi otchipanso ndipo ndimawakhulupirira. Chikopa ndi nsalu zimamwa fungo nkumalisiya paudzu, labala samwa kwenikweni. Thalauza mulowetse mkati. Koma jombo lomwe mwapondera mafuta pothira petulo lataya ntchito yake yonse, nde nalonso lizivalidwa kuthengo kokha. Kuipa kwake mapazi amachita thukuta mukayenda mtunda, kenako mukakhala pansanja maola atatu amazizira mpaka kuwawa. Masokosi a ubweya, ndi ena osinthira m'chikwama.

Masipuleyi opopera zovala, aja amati amapha fungo. Ndimagula botolo limodzi pachaka, ndimapopera majombo, chikwama ndi chipewa, basi. Ena amapanga okha ndi soda ndi madzi. Amathandiza pang'ono pa zinthu zomwe simungachape, koma mpweya wa m'kamwa mwanu saupopera, ndipo mukangoyenda mphindi khumi thupi layamba kale kupanga fungo latsopano pansi pa jekete.

Tsopano zovala za makala. Izi ndi majekete ndi mathalauza omwe mkati mwake anamatamo makala opangidwa mwapadera kuti azigwira fungo, ofanana ndi aja amakhala m'zosefera madzi. Nzeru yake ndi yoona, makala otere amagwiradi fungo. Funso ndi loti amagwira lochuluka bwanji komanso kwa nthawi yaitali bwanji. Makala akadzaza adzaza, ndipo amayamba kudzaza chovala chidakali mushopu. Opanga amati muziponye m'makina oumitsira zovala kuti makala atsitsimuke, koma kumafakitale makala otere amawatsitsimutsa pa moto wa madigiri mazanamazana, womwe makina a m'nyumba sangayandikire nkomwe. Nkhaniyi inafika mpaka kukhoti. Alenje ena ku Minnesota anasumira kampani yopanga zovala za makala zotchedwa Scent-Lok, ndipo mu 2010 woweruza anagamula kuti mawu otsatsa akuti zovalazo zimachotseratu fungo sanali oona, koma mu 2011 khoti la apilo linatembenuza chigamulocho. Nde musamve kuti zovalazo ndi zachabe, ayi, zimachepetsa ndithu. Koma suti yonse ndi madola mazana angapo, ndipo ambirife ndalama imeneyo ili kale ndi ntchito, fizi ya ana kumudzi, feteleza wa amayi. Komanso fungo limatulukira kukhosi, kumanja ndi kumaso komwe kulibe makala. Ngati muli ndi ndalama yogulira jekete limodzi lokha, gulani lotentha komanso losachita phokoso mukasuntha mkono, makala abwere pambuyo. Zamkati zija amathiramo siliva kuti tizilombo tisaswane, zimenezo ndimaziona zanzeru kuposa, chifukwa zikulimbana ndi fungo pomwe likuyambira, ndipo ubweya wa nkhosa za merino umachita zofananako mwachilengedwe, mutha kuvala masiku awiri osanunkha thukuta.

Ozoni ndiye nkhani yomwe alenje amakanganirana kwambiri panopa. Pali mitundu iwiri. Wina ndi chikwama kapena kabati komwe mumaikamo zovala, kamakina nkupopera mpweya wa ozoni mkatimo kuti uwononge fungo. Wina ndi kamakina ka batire, ngati ka Ozonics, komwe mumamangirira pamtengo pamwamba pa mutu wanu kuti ozoni azitsikira pa fungo lanu pomwe mphepo ikulitenga. Wa chikwama uja ndamuyesa ndipo amagwira, jombo lonunkha limatulukamo lopanda fungo. Koma ozoni amadya labala ndi lasitiki, nde malamba a m'chiuno amatha msanga, ndipo chonde chonde lamba wodzimangirira pamtengo uja musamuikemo, moyo wanu uli pamenepo. Alenje ambiri kuno amavulala chifukwa chogwa pansanja, osati chifukwa cha mfuti. Wa pamtengo uja ndinabwerekapo kwa mnzanga masiku angapo. Tsiku lomwe mphepo inali yofatsa ikupita mbali imodzi, gwape wina anadutsa kumene fungo langa limapita, anaima, ananunkhiza nthawi yaitali, kenako anachoka poyenda osathamanga. Ndiye kuti china chake chinachitika. Tsiku lomwe mphepo imazungulira sikanathandize kalikonse, chifukwa kamakinako kamafuna muzikalozetsa komwe mphepo ikupita, nde mumangokhalira kukweza manja kukatembenuza, ndipo kusuntha kumeneko nkomwe kumakuululani. Kamalira pang'ono, kamalemera m'chikwama, batire imatha msanga kukazizira, mtengo wake madola mazana angapo. Chinanso chomwe otsatsa sanena mokweza, ozoni si mpweya wabwino m'mapapo. Bungwe la boma loona za chilengedwe kuno, la EPA, limachenjeza za makina a ozoni m'malo otsekeka momwe muli anthu. Ngati muli ndi mphumu musayerekeze, ndipo musayatse m'galimoto muli momwemo kapena m'kachisakasa kotseka mbali zonse.

Kenako pali njira yobisa fungo ndi fungo lina. Mabotolo a fungo la dothi, la paini, la mkodzo wa nkhandwe, ena mpaka la kanyimbi. Apa ndimakaika kwambiri. Mayi akalowa m'khitchini amadziwa kuti umu mwapsa nyemba ngakhale mwakazinga anyezi pamwamba pake, nanji gwape. Iye amamva zonse ziwiri, dothi ndi munthu, payekhapayekha. Ndipo mukathira fungo la paini m'nkhalango yopanda mtengo wa paini ndi umodzi womwe mwangomuwonjezera chomudabwitsa. Chomwe ndimachipatsa ulemu pagululi ndi utsi. Pali alenje achikulire amene amafukiza zovala ndi utsi wa masamba ndi nkhuni, ena amagwiritsa kachitini kofukizira njuchi. Utsi umapha tizilombo tina pansalu, ndipo kumidzi yakuno nthawi yozizira nyumba zambiri zimasonkha nkhuni nde agwape fungo limeneli analizolowera. Ndi zaulere, ndipo ife za utsi palibe wotiphunzitsa. Ingoonetsetsani kuti ndi nkhuni zenizeni, osati makala othira parafini kapena matabwa openta.

Mkodzo wa gwape wa m'botolo ndi nkhani ina, chifukwa uwu si wobisa inu koma woitana iye. Kumayambiriro kwa November amphongo amakhala akusaka akazi, khosi litatupa, akukanda pansi ndi kukodzera pamenepo, ndipo akamva mkodzo wa wamkazi amakweza mlomo wam'mwamba kuti fungo lilowe pa kachiwalo kena kali m'kamwa kumwamba. Nthawi imeneyo botolo limatha kukoka wamphongo wamng'ono, zoona. Koma ndaonanso akazi akuthawa fungo lomwelo, makamaka mukathira nthawi yake isanakwane. Chachikulu kwa ine ndi matenda. Pali matenda a ubongo a agwape otchedwa CWD, anayamba kuoneka ku Colorado mu 1967, alibe mankhwala, nyama ikadwala imaonda mpaka kufa, ndipo choyambitsa chake chimapezeka m'malovu, mkodzo ndi ndowe, nkukhala m'dothi zaka. Mkodzo wa m'botolo umachokera kumafamu oweta agwape. Nchifukwa chake maboma ena monga Virginia ndi Vermont analetsa mkodzo weniweni mu 2015, ndipo Michigan, yomwe ili pafupi chabe ndi ife, imangolola wokhawo wovomerezeka. Kuno ku Indiana matendawa anatsimikizika koyamba mu 2024 ku LaGrange County, komwe si kutali ndi South Bend. Ine chiyambire pamenepo ndinasiyiratu, ndikafuna ndimagula wopanga wa ku fakitale. Nyamayi timadyetsa ana athu, sindingakhale mmodzi wa othira chinthu chokaikitsa m'nkhalango yomwe ndikufuna kudzasakanso chaka chamawa. Ndipo musasokoneze fungo ndi nyambo, kuthira chimanga kapena mchere kuti muphere pamenepo ndi mlandu ku Indiana. Werengani kabuku ka malamulo ka DNR, nthambi ya boma la Indiana yoona za nyama zakuthengo, chaka chilichonse chifukwa zimasintha, ndipo ngati munabadwa pambuyo pa 31 December 1986 pali maphunziro a alenje omwe amafunika pa layisensi.

Yatsala mphepo, yomwe sagulitsa. Aliyense amene anayendapo wapansi ndi asikauti a zanyama ku Liwonde kapena ku South Luangwa anaona kathumba ka phulusa kaja, amakagwedeza pang'ono nkuyang'ana komwe fumbi likupita asanayandikire njovu. Agogo athu pauzimba ankachita zomwezo ndi dothi louma m'manja. Kuno amagulitsa kabotolo ka ufa woyera ka ntchito yomweyo, madola ochepa, koma phulusa losefa m'sokosi yakale limachita chimodzimodzi. Choposa zonsezi ndi thonje la chomera china amati milkweed, chimamera m'mbali mwa misewu ndi minda, zikhokho zake zimasweka mu October. Ufa umakuuzani za mphepo ya pamphuno panu pokha, koma kathonje aka mukakaulutsa mumakatsatira ndi maso mamita 30, 40, kakukwera, kakukhota pa mtengo wakugwa, kakutsikira kukhwawa komwe simumaganizira nkomwe. Tsiku loyamba kuyesa ndinadabwa, foni imati mphepo ikuchokera kumadzulo, koma kathonje kanapita pang'ono kum'mawa kenako nkubwerera kudutsa pansi pa nsanja yanga kulowera kumpoto, ndendende pa njira ya agwape. Foni imanena za mphepo ya ku bwalo la ndege, osati ya pansi pa mtengo wanu.

Lamulo lake ndi losavuta kunena, mphepo izichokera kwa gwape kubwera kwa inu, kapena izidutsa chopingasa, fungo lanu lizigwera malo omwe nyama sizidutsa, pa dziwe, pamsewu, pamunda wapululu. Kuchita kwake ndiye kumafuna kudziletsa. Kumpoto kwa Indiana nthawi yosaka mphepo imakonda kuchokera kumadzulo, mbali ya Lake Michigan, nde nsanja yanu yaikulu ikhale kum'mawa kwa njira ya nyama. Koma mufunika ina yachiwiri ya masiku omwe yatembenuka, ndipo tsiku lomwe zonse ziwiri sizikugwirizana ndi mphepo musapite, ngakhale ndi tsiku lokhalo lomwe mwapuma kuntchito. Zimawawa, ndikudziwa, munthu wagwira mashifiti sabata yonse. Koma wamphongo wamkulu akakumvani kamodzi pamtengo umenewo amasintha njira kapena kuyamba kuyenda usiku wokha, nde mwaononga masabata awiri chifukwa cha m'mawa umodzi.

Pamalo otsetsereka pali chinanso. Dzuwa likatuluka nkutenthetsa nthaka mpweya umakwera mtunda, madzulo kukayamba kuzizira umatsikira kumunsi ngati madzi, kutsata makwawa. Ndiye kuti m'mawa dzuwa litakwera ndi bwino kukhala kumtunda kwa njira ya nyama, madzulo kumunsi kwake. Nthawi yoopsa ndi ija mpweya ukusintha, kutangocha ndi dzuwa likamalowa, ndipo ndi nthawi yomweyonso agwape amayenda kwambiri. Pansi pa chigwa penipeni mphepo imazungulira ngati kamvuluvulu, malo amenewo amaoneka okoma chifukwa mapazi a nyama ali mbwee, koma ndi ovuta kusakapo. Kukwera m'mwamba mamita asanu kapena asanu ndi limodzi kumathandiza fungo kudutsa pamwamba pa nyama zapafupi, koma madzulo opanda mphepo limangotsikira pansi pa mtengo womwewo.

Ndipo njira yolowera anthu amaiiwala. Mutha kukhala pamalo abwino koma ngati popita mwadutsa pomwe agwape amagona, kapena fungo lanu lawomba m'munda momwe akudya usiku, masewera atha musanakwere nkomwe. Ine ndimazungulira mtunda wowirikiza kawiri, kutsata ngalande ya madzi, osagwira nthambi ndi manja. Jekete lalikulu ndimanyamula pamsana, ndimayenda pang'onopang'ono ndi zovala zopepuka kuti ndisachite thukuta, nkukavala ndafika. Chovala cha mtundu wa olenji chokha ndiye sichichoka pathupi nthawi ya mfuti, chimenecho ndi lamulo ndipo gwape mtundu umenewo sauona monga timauonera ife.

Mukandifunsa kuti ndalama ndiike pati, zimatengera chomwe mukusakira. Wa mfuti amene akuwombera pa mamita 100 kapena kuposa, mphepo ndi ukhondo wamba zamukwanira, asavutike ndi zinazo. Wa uta, amene nyengo yake imayamba pa 1 October kukadali kofunda ndipo nyama iyenera kufika mamita 20 kapena 30, ameneyo majombo a labala, zamkati za ubweya ndi chibokosi cha zovala ndi zofunika ndithu, ndipo ngati malo ake ndi kamunda kamodzi kakang'ono komwe sangasinthe mtengo, ozoni wa pamtengo angamugulire mwayi pang'ono. Amene mukusaka m'nkhalango za boma momwe alenje ndi ambiri, dziwani kuti agwape akumeneko sakhululuka ngakhale kafungo kochepa, nde nthawi yanu ithereni pophunzira malo, osati mushopu. Ine chaka chino ndagula botolo limodzi la sopo, paketi ya soda ndi lamba watsopano wodzimangirira. Loweruka lapitali ndinakatola zikhokho za milkweed zodzaza thumba la shuga, ndipo nsanja yachiwiri ndaisunthira kumadzulo kwa ngalande kuti ndikhale ndi pokhala mphepo ikachokera kum'mawa mvula isanagwe.